Malemu Eusebio Abwera ku Chionetsero

Yolima Cantillo anawaona bambo ake ali mkati molankhula. Unali m'mawa wa Loweruka, tsiku lotsegulira chionetsero chachikulu cha zithunzi zake ku myuziyamu ya ku Bogotá, ndipo iye anali ataima pakati pa alendo akufotokoza chithunzi china cha mabwato. Atatembenuka kuti aloze chakukhomo, maso ake anagwera pa nkhalamba ina yovala suti yoyera, chipewa chili m'khwapa, kabokosi komanga ndi chingwe kali m'manja. Nkhalambayo inali itafulatira anthu onse. Inkawerenga mawu aakulu olembedwa pakhoma, mutu itaupendeketsa pang'ono, monga amachitira munthu wozolowera kuwerenga mapepala a madokotala olemba moipa.

Msana umenewo Yolima sakanausokoneza ndi wa munthu wina aliyense. Anali ataujambula kambirimbiri.

Mawu anamuthera m'kamwa. Alendo anadikira, kenako anayamba kugwedeza mitu mwachifundo, poganiza kuti chithunzicho chamukumbutsa zowawa.

Pakhoma paja panalembedwa mbiri yake. Panati anabadwira ku Ciénaga m'banja la asodzi, bambo ake anapita kunyanja m'bandakucha wina iye ali kamwana ndipo sanabwerenso, ndipo kuyambira pamenepo wakhala akuwafunafuna ndi burashi ndi utoto. Pa zonsezo, choona chinali Ciénaga yekha. A Eusebio Cantillo sanakhalepo msodzi. Anali ndi sitolo yogulitsa mankhwala pafupi ndi tchalitchi, nyumba ya njerwa ya khonde lalikulu, ndipo akakwera bwato ankasanza lisanachoke n'komwe padoko. Ndi iwo amene anamutumiza Yolima kusukulu ya zojambula ku Bogotá, achibale onse akunena kuti mwana wanzeru chotere aphunzire za malamulo.

Bodzalo silinayambe ngati bodza. Ali kusukulu, Yolima ankajambula asodzi a kwawo, koma asodzi alibe nthawi yokhalira munthu phee kuti awajambule. Ndiye pa tchuthi china bambo ake anavula malaya, nakhala pa benchi kuseri kwa nyumba, tsache lili m'manja ngati nkhafi, amayi ake ali pakhomo la khitchini akuseka mpaka misozi. Nawonso a Eusebio ankalephera kudzigwira kuseka, moti Yolima anatopa nawo n'kuwauza kuti afulatire. Anajambula msana wokha. Chithunzicho chinatuluka bwino kuposa zonse zimene anali atajambulapo.

Mayi Clemencia Urdaneta, amene anali ndi nyumba yogulitsira zithunzi kumpoto kwa mzinda, ndiwo anamupatsa chionetsero chake choyamba. Tsiku limenelo mtolankhani wina wochokera kunja anaima pa chithunzi chija n'kufunsa kuti munthuyo ndi ndani, nanga bwanji nkhope yake sikuoneka. Yolima, amene ankachita mantha ndi kuchuluka kwa anthu, anayankha kuti, "Ndi bambo anga. Nkhope yawo inandikanika kujambula." Mtolankhaniyo anamugwira dzanja kwa kanthawi. Nkhani itatuluka m'nyuzipepala, inati a Eusebio anamira m'nyanja.

Yolima anathamangira kwa mayi Clemencia kuti akonze. Mayiwo anamumvetsera mpaka pamapeto, n'kunena kuti, "Usakhudze, mwanangu. Anthu amene amagula zithunzi amafuna kugula ndi nkhani yomwe. Mwana wa wogulitsa mankhwala ndimugulitsa kwa ndani?"

Zithunzi zonse zinagulidwa. Kenako kunabwera São Paulo, Madrid, New York. Poyamba Yolima akafunsidwa za bambo ake ankangokhala chete. Patapita nthawi anayamba kugwedeza mutu. Kenako tsiku lina anadzimva yekha akufotokozera anthu mtundu wa bwato limene bambo ake anapita nalo, ndi nyale imene amayi ake ankasiya ikuyaka pawindo. Amayi akewo anadzamwalira zenizeni m'zaka za pakatipo. Bambo ake akanena zofuna kudzaona chionetsero, iye ankawauza kuti Bogotá ili pamwamba kwambiri, mpweya wake ndi wochepa, mtima wawo sungapirire.

Tsopano ndi awo, ataima pakhoma, akuwerenga za imfa yawo.

Fabián Rueda, amene anakonza chionetserochi ndi kulemba buku lake, anaona kumene Yolima akuyang'ana. Anali munthu waulemu, wokonda ntchito yake, ndipo anali atavutika nazo zaka kuti zithunzi zobalalika m'mayiko zikumane m'nyumba imodzi. Anapita kwa nkhalamba ija namwetulira.

"Takulandirani, bambo. Mukuoneka kuti mwachokera kutali."

"Ku Ciénaga," anatero a Eusebio akuvula magalasi.

"Kwawo kwa Yolima? Ndiye bwerani, bwerani." Fabián anawagwira pachigongono n'kubwera nawo pakati pa gulu. "Yolima, taona, kwabwera a kwanu. Ukuwadziwa?"

Yolima anatsegula pakamwa. Liwu linali limodzi lokha, liwu limene analiphunzira asanaphunzire lina lililonse. Pambali pake panali mkulu wa myuziyamu, kumbuyo kwake ogula zithunzi, kutsogolo kwake makamera. Anawayang'ana bambo ake, iwonso anamuyang'ana, ndipo liwulo silinatuluke. 

A Eusebio anadikira pang'ono. Kenako anapereka dzanja kwa Fabián.

"Ndine Eusebio, ndimagulitsa mankhwala kwathu uko. Mwanayu ndinamuona akubadwa. Bambo ake ndinkadziwana nawo bwino."

Gulu lonse linasuntha nthawi imodzi. Kwa zaka zonsezi palibe amene anakumanapo ndi munthu wowadziwa malemuwo. Mayi wina wovala mikanda yolemera, amene kunyumba kwake kunali zithunzi za Yolima zingapo, anadzipanikiza kufika kutsogolo.

"Tatiuzani, bambo, anali munthu wotani?"

"Aulesi," anatero a Eusebio. Anthu anaseka modabwa. "Eetu. Akakhala pa benchi, kuwadzutsa inali ntchito. Ndiponso ankaopa madzi."

"Msodzi woopa madzi?"

"Nanga simwaona mmene zinathera?"

Ena anaseka, ena anausa moyo. Mnyamata wa kamera anayandikira. A Eusebio anaongola tayi, ndipo Yolima anazindikira kuti bambo ake, amene pa mwambo uliwonse wa kwawo sankasowa chonena, ayamba kutenthedwa. Anafotokoza kuti malemuwo ankaimba moipa koma mokweza. Anati ankabera pa masewera a madomino, akagwidwa n'kunamizira maso. Anati mkazi wawo anamufunsira katatu, kawiri konse akukanidwa chifukwa cha ndevu. Zonsezo zinali zoona, ndipo Yolima ankazidziwa kuyambira ali mwana.

"Nanga mwana wawoyu ankamukonda?" anafunsa mayi wa mikanda uja.

A Eusebio anatembenuza chipewa m'manja.

"Ankamukonda mopusa. Akangojambula kagalu pa pepala lokulungira mankhwala, iwo basi kukaonetsa tauni yonse."

Mayi uja anatulutsa kansalu n'kupukuta m'maso. Anamukumbatira Yolima, fungo la mafuta ake likumutsamwitsa, n'kumunong'oneza kuti bambo ake kumene aliko akumunyadira.

Mayi Clemencia anafika mwakachetechete kumbuyo kwake. "Ndi iwowo?"

"Ndi iwowo."

"Ali ndi nzeru kuposa iwe. Mwetulira, akukujambula."

Yolima anamwetulira. Anayenda ndi gululo chipinda ndi chipinda, akulankhula mawu amene anawalankhulapo kambirimbiri, koma khutu lake linali kumbuyo, kumene bambo ake ankayenda pang'onopang'ono, akuima pa chithunzi chilichonse nthawi yaitali kuposa wina aliyense. M'chipinda chomaliza, m'mene munapachikidwa chithunzi choyamba chija chokhachokha pakhoma lonse, anawapeza ataima pafupi kwambiri moti mlonda anayamba kuwayandikira. Yolima anaima pambali pawo.

"Unajambula ndi kanjerewere komwe," anatero motsitsa mawu, osamuyang'ana. "Ine sindinakaonepo. Amayi ako ndi amene ankandiuza kuti kalipo."

Alendo atayamba kupita kumene kunali zakumwa, Yolima anawatulutsa bambo ake pakhomo la kumbali. Kunja kunali kamphepo kozizira ndi mitambo yotsika pamapiri. Msewu unali wokwera, ndipo a Eusebio ankaima kawirikawiri, dzanja lili pakhoma, akupuma ngati athamanga. Yolima anafuna kuwalandira kabokosi koma anakana. Analowa m'kanyumba kena kodyera, m'mene munali anthu a ntchito za m'misewu, n'kuitanitsa msuzi wa nkhuku ndi mbatatesi.

A Eusebio anadya ndi njala. Yolima anangoviika supuni n'kuisiya.

"Ababa," anatero potsiriza. Tsopano liwulo linatuluka mosavuta, ndipo zimenezo zinamuchititsanso manyazi. "Pepani kuti mwazidziwa chonchi."

"Chonchi bwanji?"

"Powerenga pakhoma."

Bambo ake anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Iwe ukuganiza kuti ku Ciénaga kulibe mafoni? Ndinazidziwa kalekale. Mwana wa aphunzitsi uja ndi amene anabwera nazo kusitolo, akuti, 'Agogo, taonani, akuti munafa.' Anawerengera anthu onse amene anali pa mzere."

Yolima anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Ndiye tauni yonse ikudziwa?"

"Dzina langa lenileni analiiwala. Pa madomino ndi 'Malemu, ponyani, mukutichedwetsa.' Ana akatumidwa amati, 'Amayi akuti malemu atipatse mankhwala a chifuwa.' Abambo a patchalitchi akandiona Lamulungu amati ndabwera kudzamvera Misa yanga yomwe." Anaseka pang'ono, napukuta pakamwa. "Ena amandifunsa kuti nsomba za kumanda zikugwidwa bwanji."

Yolima anakumbukira ma Khirisimasi onse amene anapita kwawo. Anakumbukira amayi a pamsika akumupatsa moni mwaulemu, madala a pa madomino akumuvulira zipewa, oyandikana nawo akubwera kudzaona mwana wotchuka. Onsewo ankadziwa. Ankamuyang'ana akupsompsona bambo ake patsaya, ndipo akangokhota pangodya ankayambiranso kuwatchula dzina lija.

"Amayi nawo?"

"Anali akadali moyo."

"Anati chiyani?"

"Poyamba anaseka. Kenako analeka kuseka. Ine ndinkafuna ndikuimbire foni, koma iwo anati, 'Musiyeni, adzanena yekha.'"

A Eusebio ananyema buledi n'kuyamba kupukutira m'mbale. Yolima anayang'ana kumbali, kumene mtsikana wogulitsa ankapukuta matebulo. Amayi ake atagonekedwa m'chipatala ku Santa Marta, iye anakhala nawo mpaka pamapeto. Ankacheza za zonse, za maluwa a pakhonde, za ukwati wake umene unatha, za nsapato. Nthawi zina amayi ake ankamuyang'ana nthawi yaitali, ngati akudikira kanthu, ndipo iye ankaganiza kuti ndi mankhwala.

"Bwanji inuyo simunandifunse?"

"Ukabwera umakhala masiku ochepa. Ndiwawononge ndi mafunso?"

"Nanga lero mwabwereranji osandiuza?"

"Ndikanakuuza ukanandiletsa. Ndakalamba, mwanawe. Ndimafuna ndione zithunzi zako zitapachikidwa pamalo pake, osati pa kagalasi ka foni." Anakankha mbale. "Ndinapita kwa dokotala kukafunsa za mtima wangawu. Anaupima n'kunena kuti ku Bogotá ndingathe kupita, bola ndiziyenda pang'onopang'ono. Akuti ndikanatha kupita kalekale. Pamenepo ndi pamene panandiwawa. Za kufazo ndinazolowera, anthu akaseka inenso ndimaseka. Koma kuti zaka zonsezi ndinkakhala pakhomo ndikuopa mtima wabwinobwino."

Yolima anafuna kulira, koma anaona kuti akalira bambo ake ayamba kumutonthoza, ndipo sanafune kuwapatsanso ntchito imeneyo.

A Eusebio anamasula chingwe cha kabokosi. Munali maswiti a kokonati, amene azakhali ake a Yolima anaphika. Anatenga limodzi, namukankhira bokosilo.

"Tamvera. Usachite chilichonse. Ndabwera kudzaona, ndaona, ndipo ndi zokongola. Mawa ndikubwerera kwathu. Anthu aja ndi abwino, asiye ndi nkhani yawo."

Masana a tsiku lomwelo kunali kucheza kwa pagulu m'holo ya myuziyamu. Yolima ndi Fabián anakhala pa mipando iwiri kutsogolo, anthu atadzaza mpaka ena kuima m'mbali. A Eusebio anapatsidwa mpando wa pamzere woyamba, pafupi ndi mayi wa mikanda uja, amene tsopano ankawatenga ngati mlendo wake. Fabián anafunsa za utoto, za mmene Yolima amasakanizira mchenga m'penti kuti madzi azioneka olemera, za aphunzitsi ake. Yolima anayankha bwino. Kenako Fabián anatsitsa mawu.

"M'mawa uja tinali ndi mwayi womva za bambo ako kuchokera kwa mnzawo. Ndakhala ndikufuna kukufunsa. Ukamajambula msana uja, umayembekezera kuti tsiku lina adzatembenuka?"

 Yolima anayang'ana pamzere woyamba. Bambo ake anapukusa mutu pang'ono, kumuletsa. Koma iye sankawaonanso iwo. Ankaona maso a amayi ake pa pilo wa kuchipatala.

"Bambo anga sanafe," anatero.

Wina kumbuyo anati, "Eya, ali moyo m'zithunzi," ndipo anthu angapo anayamba kuwomba m'manja.

"Ayi. Sindikunena mophiphiritsa. Bambo anga ali moyo, ndi awo akhala apowo. Sanakhalepo msodzi. Amagulitsa mankhwala. Pa chithunzi chija anakhala pa benchi atagwira tsache." Mawu ankatuluka osalongosoka, ena akubwerezeka. Anafotokoza za mtolankhani uja, n'kuzindikira kuti akuoneka ngati akumukankhira mlandu, ndiye anaonjeza kuti za bwato ndi za nyale anapeka yekha. Sanadziwe pothera. Anangosiya.

Kuwomba m'manja kunali kutazima kale. Mitu yonse inatembenukira kwa a Eusebio. Akumbuyo anaimirira kuti awaone bwino, mafoni ali m'mwamba. Mayi wa mikanda anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anachotsa chikwama chake pakati pa mipando yawo n'kuchiika mbali inayo. A Eusebio anakhala phee pampando, chipewa atachigwira ndi manja awiri pamaondo, maso ali pansi. Yolima anali asanawaonepo bambo ake akusowa chonena pagulu.

Fabián anayang'ana mapepala ake. Anathokoza anthu chifukwa chobwera, mawu ake akumveka ngati a munthu wina, n'kutuluka osamuyang'ana Yolima.

Yolima ndi bambo ake anakwera galimoto yopita kuhotela imene iwo anafikira. A Eusebio atalankhula, sanakweze mawu, chifukwa cha dalaivala.

"Ndinakuuza kuti usachite chilichonse."

"Sindikanatha kupitiriza, Ababa."

"Zaka zonsezi unkatha. Lero lokha ndi limene walephera, ine ndili pamzere woyamba?" Anapuma movutika. "M'mawa ndinali mlendo wolemekezeka. Ndinanama, inde, ndinanamira iwe, kuti usagwe pamaso pa anthu ako. Tsopano ndine nkhalamba yabodza imene inaliritsa mayi uja ndi nkhani zopeka. Anandijambula ndi mafoni ngati nyama ya kumalo osungira zilombo. Unandifunsa ngati ndikufuna zimenezo?"

"Ndimafuna ndikubwezereni malo anu."

"Umafuna mtima wako upepuke. Si zoipa. Koma usanene kuti wachitira ine."

Yolima ankadziwa kuti bambo ake akunena zoona. Atafika, anawapempha kuti akagone kunyumba kwake, koma iwo anati chipinda analipira kale. M'mawa mwake anawaperekeza kubwalo la ndege. Analola kuti awanyamulire chikwama, anamupsompsona pamphumi monga mwa nthawi zonse, koma polowa sanacheuke.

Zotsatira zake sizinali zaphokoso monga Yolima ankaopera, ndipo mwina phokoso likanamuthandiza. Myuziyamu inapaka penti yoyera pa mizere ya mbiri yake, n'kusiya dzina ndi malo obadwira basi. Buku la Fabián linachotsedwa pamalo ogulitsira. Yolima atamuimbira, Fabián anangoti, "Ndinakufunsa kangapo ndikulemba, Yolima. Unandiyang'ana m'maso," n'kudula. Nyuzipepala ina inalemba moseka, ina mokwiya, ndipo kanema wa a Eusebio atagwira chipewa anazungulira m'mafoni kwa kanthawi. Myuziyamu ya kunja imene inkafuna kutenga chionetserochi inati iyamba yaganiza kaye. Ogula awiri anabweza zithunzi. Komabe anthu ankabwera kudzaona, ambiri kuposa kale, ndipo alonda ankati onse amathamangira kuchipinda chomaliza kukafunafuna ngati nkhafi ija ikuoneka kuti ndi tsache.

Mayi Clemencia anamukalipira mpaka mawu kusasa. Koma pasanathe nthawi anamuimbiranso, mawu ali ofewa.

"Ndaganiza bwino, mwanangu. Iyi ndi nkhani yabwino kuposa yoyamba ija. Pita kwanu ukawajambule nkhope. Nkhope zokhazokha, zazikulu. Bambo amene anauka. Ndili kale ndi anthu amene akufunsa."

Yolima anati aganiza, n'kuika foni pansi. Chimene chinamuopsa n'chakuti mayiwo akulankhula, iye anali atayamba kale kuona kukula kwa zinsaluzo ndi utoto woyenera khungu la bambo ake.

Kuchipinda chake chojambulira ankapitabe m'mawa uliwonse. Ankasakaniza utoto, n'kukhala pansi kuuyang'ana mpaka uume. Foni ya kwa bambo ake ankaimba Lamulungu. Iwo ankayankha, ankanena za kutentha, za mitengo ya mankhwala imene yakwera, za azakhali ake, kenako ankati kwabwera kasitomala, ngakhale Lamulungu sitolo sankatsegula.

Chionetsero chitatsekedwa, Yolima anakwera ndege ya ku Santa Marta, n'kukwera basi ya ku Ciénaga. Sikunali Khirisimasi, ndipo sanabwere ndi mphatso. Anafika dzuwa litapendeka, kutentha kukadali kotsamwitsa, njinga zonyamula anthu zikuimba mabelu. Kusitolo anapeza mayi wothandiza kugulitsa, amene anamuuza kuti bambo ali pabwalo, pansi pa mtengo, pamalo pawo pa masiku onse.

Akanatha kukadikira kunyumba. Anasiya chikwama kuseri kwa kauntala n'kuyamba kuwoloka bwalo. Silinali lalikulu, koma tsikulo linamutalikira. Wogulitsa madzi a zipatso analeka kufinya. Amayi awiri amene anakhala pa masitepe a tchalitchi anagundana zigongono. Palibe amene ananena choipa. Onse anamupatsa moni ndi dzina lake la paubwana, ndipo iye anayankha aliyense.

Pansi pa mtengo panali tebulo ndi madala anayi. Bambo ake anali atamufulatira. Woyamba kumuona anali a Nicanor, amene kale ankayendetsa sitima ya nthochi, mnzawo wa bambo ake kuyambira ali anyamata.

"Eusebio," anatero a Nicanor, "mwana wamasiye uja wafika."

Madala enawo anaseka, koma osati mwankhanza. A Eusebio anacheuka, namuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Wabwera liti?"

"Pompano, Ababa."

"Wadya?"

"Ndadya m'njira."

Yolima anazungulira tebulo n'kupereka moni wa padzanja kwa aliyense, akuwatchula mayina. Atafika pa a Nicanor anaima, nati, "Ndinakulakwirani nonse. Ndinawasandutsa bambo anga choseketsa."

"Choseketsa anali kale, mwanawe, iwe usanabadwe," anatero a Nicanor. Anakoka mpando ndi phazi. "Koma watisokonezera. Dzina tinalizolowera, tsopano tikuchita kuganiza tisanawaitane. Khala pansi, ukutitchingira mphepo."

Yolima anakhala. Bambo ake anabwerera ku madomino awo, akuwasanja m'manja, ndipo masewera anapitirira, matabwa akulira patebulo. Iye anakhala pamenepo manja ali pamiyendo, osadziwa ngati wakhululukidwa kapena akungomupirira. Anthu odutsa ankachedwetsa mapazi kuti amuone bwino, ndipo iye sanabise nkhope.

Masewera atatha, a Eusebio anali ataluza. Anadandaula kuti mnzawo wa mbali imodzi sakuona bwino, anakangana pang'ono za amene anayamba kulakwitsa, kenako anadzuka movutikira, atagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Ukhala mpaka liti?" anafunsa akuvala chipewa.

"Sindinagule tikiti yobwerera."

Anamuyang'ana kanthawi. "Chipinda chako ndinaikamo makatoni a kusitolo. Uyenera kuwasuntha wekha, ine msana ukundivuta."

Anauyamba wa kunyumba, akuyenda pang'onopang'ono m'mbali mwa mthunzi, ndipo Yolima anabwerera kusitolo kukatenga chikwama chake.